Khutba ya Lachisanu: M'bale Amene Wagwa Osalira

Khutba yoyamba

Kutamandidwa konse nkwa Allah, Mwini chuma chonse, amene amapatsa ndi kuchotsa mwa nzeru Zake. Tikumutamanda, tikupempha chithandizo Chake ndi chikhululuko Chake. Tikuikira umboni kuti palibe wopembedzedwa mwachoonadi koma Allah yekha, ndipo tikuikira umboni kuti Muhammad ndi kapolo Wake ndiponso Mtumiki Wake. Madalitso ndi mtendere zikhale pa iye, pa akubanja kwake, pa maswahaba ake ndi pa onse owatsatira mu zabwino kufikira Tsiku la Kiyama.

Akapolo a Allah, tikudzilangiza ife eni poyamba, kenaka inu, kuti timuope Allah mobisika ndi moonekera.

Posachedwapa tiimirira pa mizere ya swala, phewa kukhudza phewa, phazi kukhudza phazi. Pa mzere umenewo mwini sitolo adzaima pambali pa waganyu, mphunzitsi pambali pa wowotcha makala, ndipo diso silidzatha kusiyanitsa amene wadya m'mawa uno ndi amene wangotsuka m'kamwa. Umenewu ndi ulemerero wa swala ya Jumu'ah. Koma tikapanda kusamala, ulemerero womwewo ungathe kutiphimba m'maso. Tikaona m'bale atavala mkanjo wochapa bwino ndi kofiya yoyera timati kwawo kuli bwino, chonsecho mwina mkanjowo ndi chinthu chomaliza chimene sanagulitse.

Lero tikambe za munthu ameneyu. Olemera a pakati pathu timawadziwa. Osauka, amasiye ndi olumala timawadziwanso, pakuti amafika pakhomo pa mzikiti ndipo mayina awo ali m'kaundula wathu. Koma pali gulu lachitatu, anthu apakati, amene sitiwawerengera kwa olemera ngakhale kwa osauka. Kuno ku Nsadzo gulu limeneli ndi aphunzitsi ndi anamwino, eni timasitolo ta m'mbali mwa msewu, mwini chigayo, telala, mnyamata wonyamula anthu pa njinga yamoto, ndi mlimi amene ali ndi ngolo ndi ng'ombe ziwiri zokoka. Mumawazindikira ndi nyumba ya njerwa yofolera malata, kasola padenga ndi mwana kusekondale. Mumawazindikiranso ndi ichi: pachibale pakagwa maliro kapena matenda, onse amathamangira kwa iwo.

Akuluakulu amene muli pano mukukumbukira kuti gulu limeneli silakale. Nkhondo itatha ndi pangano la mtendere la ku Roma pa 4 Okutobala 1992, ambiri a ife tinabwerera kuchokera ku Ukwimi ku Zambia, ena kuchokera ku Malawi, titasenza mphasa, mapoto ndi makasu, ndipo tinapeza midzi itasanduka tchire. Pa nthawi imeneyo tonse tinali ofanana, chifukwa tonse tinalibe kanthu.

Kenaka Allah anatsegula makomo. Sukulu ndi zipatala zinamangidwanso, boma linalemba aphunzitsi ndi anamwino, malipiro a pamwezi nkuyamba kulowa m'midzi. Makampani a fodya anabwera ndi mbewu ndi feteleza wapangongole, ndipo alimi ambiri a m'boma lathu la Chifunde anagula malata awo oyamba ndi ndalama za fodya. Msewu wa ku Cassacatiza unadzaza malole oyenda pakati pa Zambia ndi doko la Beira, ndipo m'mbali mwake munamera malonda. Pambuyo pake kunadza malasha a ku Moatize. Kampani ya Vale ya ku Brazil inayamba kutumiza malasha kunja mu 2011, mzinda wa Tete unasefukira alendo, lendi inakwera, ndipo anyamata athu anapita kukakhala madalaivala, alonda ndi amakaniko, namatumiza ndalama kumudzi. Mu 2014 mlatho wa Kassuende unatsegulidwa pa Zambezi. Ambiri tinaganiza kuti umphawi tatsanzikana nawo.

Koma chokwera msanga chinatsikanso msanga. Mtengo wa malasha unagwa pa msika wa dziko lonse. Kampani ya Rio Tinto, imene mu 2011 inalipira madola oposa mabiliyoni 3 kuti ipeze migodi ya ku Benga, inaigulitsa mu 2014 pa madola mamiliyoni 50 okha. Ngati eni mabiliyoni anataya chotero, nanga dalaivala amene anakongola kubanki kuti amange nyumba ya lendi ku Matundo? Mu Epulo 2016 zinaululika kuti dziko lathu linali ndi ngongole zobisika, zimene pamodzi zinafika pafupifupi madola mabiliyoni 2. Maiko otithandiza anaimitsa thandizo lawo ku thumba la boma, ndipo metikali inagwa. Dola limodzi, limene mu 2014 linkagulidwa ndi mametikali pafupifupi 30, linapitirira mametikali 70. Mphunzitsi wa ku Nsadzo sanasaine pepala lililonse la ngongole imeneyo, komabe anailipira pa botolo la mafuta ophikira, pa sopo ndi pa shuga. Mu 2022 Vale inagulitsa mgodi wa Moatize kwa kampani ya Vulcan nkuchoka. Ndipo chilala cha 2024 chinapsereza chimanga m'minda, nkhokwe nkukhala zopanda kanthu.

Asilamu anzathu, chigawo cha Tete sichosauka. Magetsi a ku Cahora Bassa amayatsa mizinda ya ku South Africa pamene midzi yambiri ya kuno ikuunikira ndi tochi. Malasha amayenda pa njanji kupita ku Nacala ndi ku Beira, pamene mabanja oposa 1,000 anasamutsidwa kuti mgodi wa Moatize utsegulidwe, ambiri mwa iwo kupita ku Cateme. Golide akukumbidwa m'mitsinje yathu ndi manja a ana athu, koma wopindula kwambiri ndi womugula. Chuma chilipo, vuto nlakuti chikuunjikana m'manja ochepa. Qur'an yolemekezeka, mu Surat Al-Hashr, pofotokoza za kagawidwe ka chuma, ikutiphunzitsa kuti Allah safuna chuma chizingozungulira pakati pa olemera okhaokha. Chuma chili ngati madzi a mtsinje wa Luia. Akamayenda amathirira madimba a anthu ambiri, akatsekeredwa pamalo amodzi amanunkha, ndipo a kumunsi amafa ndi ludzu.

Tsono taonani mmene munthu wapakati amagwera. Sagwa tsiku limodzi. Malipiro amaima pamodzimodzi pamene mitengo ikukwera, ndiye amatenga ngongole kubanki yodula pa malipiro, kotero kuti mwezi ukatha amalandira gawo chabe la zimene wagwirira. Mlimi naye amatenga feteleza wapangongole, mvula nkudula, ndipo pogulitsa zokolola ngongole ikachotsedwa amatsala ndi chiphaso chokha m'manja. Mwini kasitolo amakongoza abale mpaka mashelefu nkuyera. Kenaka kumabwera matenda, maliro kapena fizi ya mwana, ndipo munthu amapita usiku kwa wakatapila. Pobweza katapilayo amagulitsa mbuzi, kenaka ng'ombe imodzi, ndipo ngolo imaima popeza ng'ombe imodzi siikoka goli. Kenaka njinga yamoto imapita. Mwana wamkazi amachotsedwa kusekondale ponamizira kuti akupumula chaka chino. Pakhomo amadya kamodzi, madzulo, chitseko chili chotseka. Chomaliza kugulitsa ndi zovala za Lachisanu, chifukwa ndi zimene zikusunga ulemu wake. Akuluakulu anati bongololo sadzolera mafuta pagulu. Munthu amene dzulo ankapatsa anzake, lilime lake limalemera kunena kuti lero alibe.

Chisilamu chinamuona kale munthu ameneyu. Mu Surat At-Tawba, Allah anatchula magulu 8 oyenera kulandira zakaat, ndipo awiri oyamba ndi fakiri ndi masikini. Maulama a mazihabu a Imam Ash-Shafi'i anafotokoza kusiyana kwawo motere. Fakiri ndi amene alibe kanthu, kapena amapeza zosafika ngakhale theka la zosowa zake. Masikini ndi amene ali ndi ntchito kapena katundu, amapeza theka kapena kuposerapo, koma sizimukwanira, monga munthu wofunika 10 amene amapeza 7. Umboni wawo uli mu Surat Al-Kahf, pa nkhani ya Mneneri Musa, mtendere ukhale pa iye, pamene eni chombo chogwira ntchito panyanja akutchedwa masikini ngakhale anali ndi chombo. Choncho munthu angathe kukhala ndi chigayo, kapena nambala ya ntchito m'boma, nkukhala masikini pamaso pa Shariya. M'magulu 8 omwewo mulinso wangongole amene anakongola pa chosowa chovomerezeka ndipo walephera kubweza. Ndipo chakumapeto kwa Surat Al-Baqara, Qur'an ikutiuza za osowa amene munthu wosadziwa amawayesa olemera chifukwa cha kudziletsa kwawo kupempha, ndipo ikutiphunzitsa kuti tiziwazindikira ndi zizindikiro zawo. Apa pali udindo pa ife. Ngati iwo sapempha, ndiye kuti ife tiyenera kuwafunafuna.

Mbiri ya maswahaba yadzaza ndi kusinthasintha kotere. Mus'ab ibn Umair, Allah asangalale naye, anali mnyamata wovala bwino koposa mu Makka, wochokera m'banja lolemera. Atalowa Chisilamu analandidwa zonse, ndipo pamene anaphedwa pa nkhondo ya Uhud mu 625, nsalu yomukulungira inali yaifupi kotero kuti akaphimba mutu miyendo inkaonekera, mpaka miyendoyo anaiphimba ndi udzu. Abdurrahman ibn Auf, Allah asangalale naye, anafika ku Madina mu 622 ali chimanjamanja. M'bale wake wa mwa Answari, Sa'd ibn Ar-Rabi', anafuna kumugawira theka la chuma chake, koma iye anangopempha kuti amulozere kumsika, ndipo anadzakhala mmodzi wa amalonda olemera a mu Madina, wopereka mowolowa manja. Wina anatsika, wina anakwera, ndipo onse awiri ndi olemekezeka kwa Allah, chifukwa mulingo wa Allah suyesa matumba. Amene ananyozeka ndi Qarun wa mu Surat Al-Qasas, yemwe ankati chuma chake anachipeza ndi nzeru zake, natuluka modzionetsera pamaso pa anthu, mpaka nthaka inamumeza pamodzi ndi nyumba yake. Amene dzulo lake ankakhumbira kukhala ngati iye anadzuka akuthokoza kuti sanali iye.

Tsono tilankhule ndi inu amene Allah wakusungirani chuma m'zaka zovutazi. Musaganize kuti mwapulumuka chifukwa cha kuchenjera kwanu. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Ndipo tinene poyera chimene chimanenedwa monong'ona. Ena mwa amene akukongoza katapila m'dera lino amaswali nafe. Amapereka 1,000 kuti mwezi ukatha alandire 1,500. Amapereka thumba limodzi la chimanga mu Januwale kuti pokolola alandire awiri. Amasunga khadi la kubanki la mphunzitsi m'thumba mwawo mpaka tsiku la malipiro. Dzina la zimenezi ndi riba, ndipo riba ndi haramu, ili m'gulu la machimo akuluakulu owononga. Wochita zimenezi akumanga nyumba yake ndi njerwa zogumula pa nyumba ya m'bale wake. Alape lero, atenge zimene anakongoza zokha, zoonjezera azisiye.

Tilankhulenso ndi inu amene mwagwa, ngakhale sitikutchulani mayina ndipo sitidzakutchulani. Kusauka si tchimo, ndipo kutsika si chizindikiro chakuti Allah wakutayani. Chimene tikukupemphani nchakuti musagule ulemu ndi ngongole. Ambiri akumira chifukwa cha ukwati umene anafuna kuti anthu akaukambe, kapena sadaka ya maliro imene anaphera ng'ombe yangongole poopa kuti anthu adzati chiyani. Anthu amene mukuwaopawo adzadya nkupita, wakatapila ndiye adzatsala pakhomo panu. Muuzeni mkazi wanu zoona za mmene zinthu zilili, pakuti iye ndi amene akuyang'ana m'mphika. Musanyoze ntchito yaing'ono ya halali, kaya ndi dimba, kaya ndi kugulitsa tomato. Ndipo zakaat ikakupezani musachite nayo manyazi. Ndi gawo lanu limene Allah anakuikirani m'chuma cha m'bale wanu, ndipo pamene munali nazo inunso munkapereka.

Tikunena mawu athuwa, ndipo tikupempha chikhululuko kwa Allah pa ife ndi pa inu. Mupempheni chikhululuko, pakuti Iye ndi Wokhululuka, Wachisoni.

Khutba yachiwiri

Kutamandidwa konse nkwa Allah, ndipo madalitso ndi mtendere zikhale pa Mtumiki Wake Muhammad, pa akubanja kwake ndi pa maswahaba ake onse.

Akapolo a Allah, tili m'nyengo yokolola, pamene chimanga chikulowa m'nkhokwe ndipo ndalama zikulowa m'matumba. Mawu opanda zochita sadzaza mphika wa munthu, choncho tikumbutsane malamulo a zakaat monga mmene alili.

Pa ndalama ndi katundu wamalonda, zakaat imakhala yokakamizika chuma chikafika pa nisabu, imene ndi mtengo wa magalamu 85 a golide kapena magalamu 595 a siliva, ndipo chakhala m'manja mwanu chaka chathunthu cha mwezi. Mulingo wake ndi gawo limodzi mwa magawo 40, kutanthauza mametikali 1,000 pa mametikali 40,000 alionse. Mwini sitolo awerengere pamodzi ndalama zili m'bokosi, zili kubanki, zili pa foni, ndi katundu ali pa shelefu.

Pa chimanga ndi mbewu zina zachakudya zosungika, zakaat imaperekedwa pokolola, osadikira chaka. Nisabu yake ndi makilogalamu pafupifupi 650, ndiko kuti matumba 13 a makilogalamu 50. Munda wothiriridwa ndi mvula umapereka gawo limodzi mwa magawo 10, ndipo wothiriridwa ndi pampu kapena ndi khama la manja umapereka limodzi mwa magawo 20. Amene wakolola matumba 20 m'munda wa mvula, matumba 2 si ake. Pa ziweto zodya kubusa, mbuzi zikafika 40 imaperekedwa imodzi, ndipo ng'ombe zikafika 30 amaperekedwa mwana wang'ombe wa chaka chimodzi.

Tikupempha zinthu zinayi kwa jamaa yonse.

Choyamba, aliyense ayang'ane khomo loyandikana nalo ndi chibale chake. Ndani amene ngolo yake yaima? Ndani amene kasitolo kake katsekedwa? Ndi mwana wa yani amene sakupitanso kusukulu? Mukamudziwa musalengeze. Uzani mmodzi wa akuluakulu a mzikiti pambali, ndipo dzinalo lisawerengedwe pagulu kapena kulembedwa pakhoma. Amayi, inu mumadziwa msanga khomo limene utsi wasiya kufuka, ndipo tikudalira maso anu ndi kusunga kwanu chinsinsi.

Chachiwiri, perekani mosachititsa manyazi. Pitani madzulo, pitani nokha, musatume mwana ndipo musajambule chithunzi choti chikaikidwe pa WhatsApp. Maulama ambiri analoleza kupereka zakaat kwa woyenera popanda kumuuza kuti ndi zakaat, chifukwa niya ili mumtima mwa woperekayo. Ngati mukudziwa kuti mawu akuti zakaat amupweteka, ingomupatsani nkudutsa.

Chachitatu, perekani zoti munthu aimirire nazo. Imam An-Nawawi, amene anamwalira mu 1277, anafotokoza kuti mmisiri wosowa apatsidwe zomukwanira kugula zipangizo za ntchito yake, ndipo wamalonda apatsidwe mpamba woyambira. Tikagawa zakaat yonse m'timagawo ting'onoting'ono, aliyense amadya masiku awiri nkubwerera pomwe anali. Koma anthu angapo akaphatikiza zakaat yawo kuti telala awombole makina ake, kapena mlimi apeze ng'ombe yachiwiri ya pagoli, chaka chamawa munthu ameneyo adzakhala m'gulu la opereka. Mutu umodzi susenza denga.

Chachinayi ndi ngongole. Ndime yaitali koposa m'Qur'an yonse, imene ili mu Surat Al-Baqara, ikunena za kulemba ngongole ndi kuikirapo mboni. Lembani ngongole zanu, ngakhale zili pakati pa abale a bere limodzi. Amene ali ndi mpata akongoze ngongole yabwino, yopanda choonjezera, kuti m'bale wake asapite kwa wakatapila. Amene mukudziwa kuti wangongole wanu walepheradi, mupatseni nthawi, ndipo kumukhululukira nkwabwino koposa. Koma dziwani kuti malinga ndi maulama ambiri, kukhululuka ngongole ndi sadaka ndipo sikulowa m'malo mwa zakaat. Inunso amene muli ndi ngongole ndipo mwakolola, yambani kubweza musanagule chatsopano, pakuti kuzengereza kubweza uli nazo ndi kupondereza.

M'chaka cha chilala chachikulu ku Madina, chimene chimatchedwa Chaka cha Phulusa, Khalifa Umar ibn Al-Khattab, Allah asangalale naye, anadziletsa kudya nyama ndi mafuta a mkaka kufikira anthu ake atapeza chakudya. Iye anali mtsogoleri wa dziko lalikulu, koma sanalole kuti mimba yake isiyane ndi mimba za anthu ake. Ife sitikupemphedwa zochuluka chotero. Tikupemphedwa kuti tikamatuluka pa khomo ili tidziwe mmene wagonera amene taima naye phewa ndi phewa.

E Allah, dalitsani Mtumiki Wanu Muhammad ndi akubanja kwake. E Allah, tikwaniritseni ndi halali Yanu kuti tisafune haramu. E Allah, bwezerani ngongole za angongole, phimbani manyazi a amene agwa, ndipo adzutseni ndi dzanja Lanu. E Allah, yeretsani chuma chathu ku riba ndi mitima yathu ku umbombo ndi kudzikweza. E Allah, dalitsani zokolola zathu, ziweto zathu ndi ana athu, tipatseni mvula ya madalitso pa nyengo yake, ndipo sungani mtendere ku Nsadzo, ku Chifunde ndi m'dziko lonse la Mozambique. E Allah, patsani atsogoleri athu chilungamo pa chuma cha dziko. Khululukirani makolo athu ndi Asilamu onse, amoyo ndi amene anatsogola. Amin.

Imirirani ku swala, wongolani mizere ndipo tsekani mipata, Allah akuchitireni chifundo.